Batire lotupa lapita ku Muembe

Palmira 14:02
mano, mchimwene wanga, pali chinthu sindinauzepo munthu. ine a malume Germano ndimawaopa. akaimba ndimangoiyang'ana foni mpaka ileke kulira, kenako ndimanamizira rede ya foni kuti yavuta. ndikamva mawu awo chibwibwi chimandigwira

Nordino 14:09
kkk zabwera bwanji zimenezi. katundu wawo watumiza?

Palmira 14:09
eya mmawa, pa chapa, minibasi ya ku Muembe. shuga, bulangete ndi power bank

Nordino 14:10
yoyera ya mu bokosi eti

Palmira 14:13
yakuda. inali pamwamba pa kabati

Nordino 14:13
Palmira. yakudayo batire lake linatupa. ndinaiika pamwamba dala kuti wina asaigwire

Palmira 14:14
ndinaona kuti yafufuma ngati pão, buledi uja, koma ndinachita manyazi kufunsa. ndinaikulunga m'kati mwa bulangete. cobrador wotolera ndalama uja anaiponya pansi n'kusanjikapo matumba a nyemba

Nordino 14:15
yotupa sakulunga, sapanikiza, satumiza n'komwe. ikabooka imayaka yokha. dikira ndimuimbire cobrador

Palmira 14:22
mano?

Palmira 14:31
chapa inali yodzaza. munali mayi wa mwana kumbuyo pafupi ndi matumbawo

Nordino 14:38
afika bwino. katundu anawapatsa malume m'manja masana. pumula

Palmira 14:39
ayi. iwe unachoka kalekale, sukudziwa. batire likakana kugwira ntchito iwo amaliothetsa moto. ndinawaona nditapita kwawo pa ferias sukulu itatseka, a wailesi amawakwirira m'phulusa lotentha. akuti kunkhondo ankatero, akanyamula wailesi ya asilikali kumsana mabatire n'kuzizira m'phiri

Palmira 14:40
ndipo yakudayo siyaka. ndiye aganiza kuti yazizira

Palmira 14:40
khitchini yawo ndi ya udzu. kuzizira kwa junho kuno adzukulu awo, ana a Florinda, sachoka pamoto

Nordino 14:41
ndikuimba

Nordino 14:49
[mawu ojambula 0:19] andidula. akuti iwe wa ku Nampula usandiphunzitse za mabatire, ndinawanyamula iwe usanabadwe, pansi pali mabomba. aiika kale pa fuwa, akuti ikhale pamenepo mpaka itenthe bwino. ndaimbanso sakuyankha

Palmira 14:50
nanga amayi athu sangawaimbire?

Nordino 14:50
ali ku maliro ku Lulimile, foni yozima. iwe ndiwe watsala

Palmira 14:51
ndiwalembere sms

Nordino 14:51
maso aja awerenga chani. imba

Palmira 14:52
sindingathe mano. ndikayima pa chilembo chimodzi iwo n'kundidula ngati anakudulira iwe

Nordino 14:52
mvera. uli ndi dzina la agogo. pakamwa pawo iwe si mwana, ndiwe amayi awo. unamvapo akukuitana Palmira?

Palmira 14:53
ayi. amati amayi. n'chifukwa chake ndimaopa. amandiyang'ana ngati ndikudziwa zinthu za kunkhondo zomwe sanauze munthu

Nordino 14:53
ndiye lero auze chimodzi chomwe ukudziwa. achotse ndi khasu, asagwire ndi manja. panja pa dothi, kutali ndi nyumba, ana asayandikire

Nordino 14:55
wayimba?

Nordino 14:58
Palmira pfv, chonde

Nordino 15:03
[kuimba kosayankhidwa]

Nordino 15:04
foni yako ili busy. Mulungu, ikhale kuti ndi iwo

Nordino 15:11
ndili panja pa ntchito. yankha chilichonse, ngakhale kadontho

Palmira 15:17
.

Nordino 15:17
lankhula

Palmira 15:19
ndinakakamira pa "ma" wa malume nthawi yaitali. sanadule. anati ndikumva amayi, musafulumire

Palmira 15:20
ndinamva khasu likukhula pa mwala, akukalipira ana kuti atuluke. akuti inali itayamba kununkha ngati pulasitiki. ili kuseri kwa nkhokwe, ikufuka utsi pang'ono, aithira dothi

Nordino 15:20
wapsa alipo?

Palmira 15:21
palibe

Palmira 15:24
kenako anafunsa chifukwa chake sindiyankha akaimba. ndinati ndimakuopani malume. ndanena ndithu, ndi pakamwa panga

Nordino 15:24
iwo anati chani

Palmira 15:29
anati nawonso amayi enawo, ondibereka aja, ankandiopa nditabwerako kunkhondo kuthengo, ndipo iwo anamwalira asanandiuze