Kandulo Inazima M'phanga la Vinyo

Barile, 28 Okutobala 1956

Okondedwa Amayi,

Moni. Kodi miyendo ija yasiya kutupa? Ine ndilipo. Ndikulemba mothamanga, wamakalata anyamuka posachedwa.

Kuno tikukolola mphesa zakuda zija, zimachedwa kupsa chifukwa kuphiri kuno kumazizira. Dothi lake ndi lakuda bii, si loyera ngati lathu la tirigu. Amuna anga a Donato akuti ndi phulusa la moto umene phirili linkalavula kalekale. Vinyo amamusunga m'mapanga okumba m'thanthwe.

Amayi, Lachitatu ndinalakwa. Tinkatuta madengu a mphesa kunja kukuwomba mphepo. Ndinalowa ndi khanda langa Michelina m'phanga, ndinamugoneka pansi pafupi ndi migolo poti panali pofunda. Palibe anandiuzapo kuti vinyo akamawira amatulutsa mpweya wakupha, umene umadikha pansi ngati madzi. Munthu woimirira saumva. Kuno aliyense amadziwa kuti umayamba watsitsa kandulo pansi, ikazima uthawe.

Apongozi atalowa anatsitsa kandulo. Inazima. Ndiye anaona bulangeti la mwana. Anamutulutsa milomo itada, anamuuzira mpweya m'kamwa mpaka anatsokomola.

Ali moyo. Akuyamwa pang'ono. Koma chichokere tsikulo sanalirepo, amangoyang'ana kudenga. Adokotala akuti tidikire. Inenso sindinalire, sindikudziwa chifukwa chake.

Apongozi amutenga, amamugoneka kuchipinda kwawo. Amandipatsa pomuyamwitsa basi, iwo ataima pambali. Dzulo pakudya anandifunsa ngati kwathu ana timawasunga m'migolo. Akuti mwana wawo anakwatira bulu wa kutirigu, chikhalirecho bulu weniweni amakana pakhomo la phanga. Alamu anga anaseka. A Donato anangoyang'ana m'mbale. Apongozi akuti migolo ikatsekedwa pa tsiku la Martini Woyera, ine ndibwerere kwathu, mwana atsale. Kwatsala masabata awiri.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani tsikulo lisanafike. Mudzasinthe sitima pa Potenza. Musadzabwere kudzakangana, kulakwa ndinalakwadi. Mudzangomutenga m'manja mwanu ndi kumutsina pantchafu monga munkatitsinira ife. Ine dzanja likukana. Mwina alira. Akalira ndili pomwepo, mwina apongozi andisiyira mwanayo.

Mundiperekere moni kwa achemwali anga Assunta ndi azakhali. Atate muwauze kuti mphesa zabereka bwino chaka chino, zinazi ayi.

Ine mwana wanu,
Nunzia