Apongozi Akuti Ndiziwatcha Nne

Amayi anga, mukupeza bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Govan, kutsidya kwa nyanja, tilipo, kungoti mvula siikukata.

Pakati paja munandisiya napo, ndinachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Esinati, dzina lanu. Mphuno watengera bambo ake, a Chinedu. Achimwene a Lameki akuti chimanga chakumunda kwanu chinachita bwino, koma mbuzi ziwiri zinafa.

Apongozi anabwera kuchokera ku Nigeria kudzandisamalira. Kwa Aigbo ntchito imeneyi ndi ya mayi wa mkazi, ndiye poti inu palibe, anabwera iwo. Ndisakubisireni, masabata oyamba ndinkangoona ngati akhala pampando wanu.

Chingerezi amayankhula, koma chinthu chikawafika pamtima amabwerera ku Chiigbo. Ataona kunja kukuda folo koloko isanakwane anati "Chineke!", kutchula Mulungu. Esinati akulira ndi jakisoni anangoti "Chai," uku akupukusa mutu. Nditanena kuti ndibwerera kuntchito kuchipatala mwana akakwanitsa miyezi iwiri, anathetha zala nkuti "Tufiakwa," kutanthauza kuti zisachitike ndi pang'ono pomwe. Ine ndinkangomva ngati akundikalipira. Paja munkati mlendo umayamba wamumva ndi maso, makutu pambuyo. Ndinaiwala.

Lachiwiri lina akusambitsa mwana, anayamba kumuwongola manja ndi miyendo mwamphamvu. Ndinamulanda ali ndi sopo, ndinawauza kuti amayi anga sakanachita choncho. Ndinakadzitsekera kuchipinda, nkufunditsa mwana chitenje chanu chachikasu chija, ndikulira.

Patapita nthawi anagogoda. Anakhala pabedi, nkundigwira bondo, amvekere, "Ndo, nne. Ndo." Kenako anandiuza kuti nawonso amayi awo anamwalira Chinedu asanabadwe. Akuti ankamusambitsa okha, popanda wowaonetsa. "Chimene ndikudziwa ndinachita kuonera kwa anzanga," anatero. "Ngati amayi ako ankasambitsa mwina, ndionetse, biko." Biko ndiye chonde. Koma ine sindikudziwa mmene munkasambitsira khanda, Amayi. Sindinakufunsenipo.

A Chinedu anandimasulira kuti ndo ndi pepani wathu yemwe uja, wopepesa munthu pa mavuto ake. Nne ndi mayi, koma amaitanira nalonso mwana wamkazi amene amamukonda. Ndiye kuti mwezi wonse ankanditcha choncho ine osadziwa.

Sabata yatha anandipempha kuti ndisiye kuwatcha Mrs Okeke, ndiziti Nne. Ndinakhala masiku anayi osayankha, ndikungozemba kuwaitana. Dzulo m'mawa anandibweretsera tiyi ndikuyamwitsa, ndipo zinangotuluka zokha: "Daalu, Nne." Ndiye zikomo wawo ameneyo. Anangoika kapu pansi nkutuluka, ndipo ndinawamva akumina kukhitchini.

Ndafuna kuti mumve kwa ine. Dzina lakuti Amayi sindinapatse munthu, likadali lanu. Koma mayi ameneyu akundisamalira, ndipo mukanakumana mukanakangana tsiku limodzi, lachiwiri nkumaseka limodzi kuti ine ndine wamakani.

Esinati akayamba kuyenda ndibwera naye, adzaime pamanda panu ndi miyendo yake. Apongozi akuti nawonso abwera, akufuna adzakupatseni moni. Ndayamba kale kuwaphunzitsa "Muli bwanji."

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tadala