Anesi ndi Dengu la Tiyi

Azakhali okondedwa,

Landirani moni kuchokera kuno ku esiteti. Tadzuka bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

A Yahaya, opanga mavidiyo pa Masambanjati, anajambula Anesi wanga akusewera atabereka dengu langa la tiyi. Anati n'chikumbutso chabe. Pano vidiyoyo aiduladula, alumikiza ndi filimu ya akapolo, aikapo nyimbo ya maliro, iwo akufotokoza kuti kuno ana amathyola tiyi, ndipo anthu ambiri aionera. Nditawafunsa anangoti, "Mayi, limenelo ndi luso." Luso lanji pa mwana wa zaka zinayi?

Dzulo akapitawo anandifunsa dzina la mwanayu kawiri, akulemba, osandiyang'ana. Mukudziwa kuti nyumba ino ndi ya kampani.

Chonde bwerani Loweruka mudzamutenge. Zinazo tidzakamba pamaso. Zovala zake ndamanga kale.

Ndine mwana wanu,
Kate