Mapini Asanu a Mpando wa Fikri

Nawal mwana wanga,

Amene anandilakwira ndi amalume ako a Medhat. Ndayamba ndi dzina lawo chifukwa dzanja limatopa msanga masiku ano. Tsopano landira moni. Muli bwanji ku Kuwait kumeneko, iwe, amuna ako ndi ana? Kuno ku Zagazig shuga wandigwira miyendo, koma Mulungu ndi wamkulu.

Ndamva kuti amalume akowo ukuwasunga ndiwe, ndipo ayamba kuiwala maina a anthu. Chimvereni zimenezi mtima wanga suli m'malo.

Bambo ako sunawadziwe, anakusiya uli kumsana. Ine sukulu ndinaisiyira panjira n'kulowa galaja kuti mng'ono wanga Fikri, bambo akowo, aphunzire. Anakaphunzira kuulutsa ndege ku Russia, anamenya nkhondo ku Yemen, anagwetsa ndege ziwiri pa ngalande ya Suez. Nditalowa usilikali ngati makaniko, anachita kupempha kuti ndege yake ndizisamala ine.

Mpando wa woyendetsa umakhala ndi mapini asanu. Ukaiwalamo imodzi, mpandowo sungamuponye kunja ndege ikayaka moto. Ntchito yanga inali kuwazula n'kumuonetsa asananyamuke. Ankandiseka nthawi zonse, amvekere, "Akulu, sukulu inakukanani, koma mpaka faifi mumafikako ndithu." Tsiku lomaliza, pa nkhondo ya Okutobala 1973 ija, anandiseka chimodzimodzi.

A Medhat ndiwo ankatsogolera gulu lawo mumlengalenga. Pofufuza za imfa ya Fikri analumbira kuti anamuuza katatu kuti adumphe, iye n'kuyankha kuti mpando wakana. Ndege inapsa yonse, panalibe choti munthu n'kuona. Makaniko angatsutsane bwanji ndi bwana wa nyenyezi paphewa? Anandichotsa ntchito. Pamaliro, abale anandichotsanso pamzere wolandira odzapepesa. Amayi ako anachita kumwalira osandiyankhulako.

Patatha zaka makumi awiri, Lotfi, woyendetsa wina wa m'gulu lomwelo, anandipeza ku galaja. Anati anamva ndi makutu ake pa wailesi a Medhat akulamula Fikri kuti asadumphe, abwezeretse ndegeyo kubwalo, poti ndege zinali zitachepa. Ndinamugwira mwendo kuti alembe papepala. Anati ali ndi ana kuusilikali. Tinamuika m'manda chaka chatha.

Kumaofesi ndalembako mpaka kutopa, sayankha. Wodziwa watsala mmodzi yekha, ndiye mutu ukuzima, ine pano ngakhale kumzikiti ndimachita kunyamulidwa.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi zidzukulu zangazo, ngakhale sizindidziwa. Mulungu akusungeni nonse.

Penshoni sindikuifuna, kupepesanso ayi. Tsiku limene amalume akowo adzuke akukuzindikira, uwafunse pamaso pa ana ako chimene anauza Fikri pa wailesi. Undilembere yankho lawo monga momwe alinenere, ngakhale litakhala lomwe lija. Usachedwe mwana wanga, ndilimve ndili moyo.

Ndine bambo ako aakulu,
Shehata