Kadontho Kofiira

Lachiwiri, pa 8 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndapota nanu, musang'ambe kalatayi musanafike kumapeto. Ndikudziwa kuti mukaona nambala ya nyumba ino pa foni simuyankha, ndipo sindikudandaula, n'chifukwa chake ndalemba papepala ngati kale. Phukusi limene a dalaivala a basi akupatseni pamodzi ndi kalatayi musalimasule kaye. Yambani mwawerenga.

Kuno tadzuka. Mwana wathu Kadontho wachira, wayambanso kudya, ndipo akaona munthu aliyense wovala ovolosi mumsewu amakuwa kuti "Lume! Lume!" poyesa kuti ndinu malume ake, mpaka ndimachita manyazi. Amene sali bwino ndine. Masabata atatu tsopano ndikusunga nkhaniyi ndekha.

Nkhani ndi ya mlongoti wa wailesi uja munamanga ndi alamu anu, bambo a Kadontho, kuseri kwa nyumba. Achimwene, inu simunalakwitse kuwotcherera. Mlongotiwo ndinaupendeketsa ndine.

Mukukumbukira tsiku limene munauimika? Zigawo zinayi zachitsulo, eriyo pamwamba ngati minga ya nsomba, ndi mawaya atatu okoka mbali zitatu, aliyense womangidwa pa simenti yake pansi. Pa waya aliyense munaikapo kachitsulo kozungulira kaja mumakatcha chokungira. Mutamaliza kukunga, alamu anu anapaka kadontho ka penti yofiira pamsana pa chokungira chilichonse kuti kadziyang'ana kumwamba, kumapeto kwake n'kuvekako mphira wa chubu kuti mvula isalowe. Ndiye inu munandiloza ndi sipanala, mumvekere, "Iwe Kafulumira, awa si mawaya oyanikira zovala. Ndikadzapezapo thewera ndidzakuyanikapo iweyo." Tonse tinaseka.

Sabata imene mwana ankasanza ija, ndinachapa mabulangete atatu tsiku limodzi. Chingwe changa choyanikira chinaduka ndi kulemera. Dzuwa linali likupita, mwana alibe chofunda chouma, bambo ake ali kuntchito. Ndinayang'ana waya wa kumpanda uja, wotsika, wowongoka bwino, ndinati kwa maola awiri okha palibe angadziwe. Pamene ndimakachotsa mabulangete ndinaona ngati waya wagwa mphwayi pang'ono. Mwina sanatero n'komwe, mwina anali mantha anga. Koma mukundidziwa. Ndinatenga msomali waukulu, n'kuulowetsa pakati pa chokungira monga ndinkakuonerani, n'kuyamba kupotokola.

Ine ndinkayesa ngati chitsekerero cha botolo. Sindinkadziwa kuti chinthucho chili ndi mazinga awiri osiyana, kwina akumanja kwina akumanzere, ndiponso kuti zimatengera mbali imene waima. Waya anayamba kukhwepa. Ndinati mwina chimayamba choncho, ndinapitiriza. Nditakankha mphira kuti ndione, mtima unangoti phwii: bawuti yatuluka kutalika ngati chala changa, yoyera mbee. Ndinabweza msangamsanga, koma inangozungulira kawiri n'kuuma gwa, italowa mokhota. Ndinakanika ndi manja onse awiri. Ndikuganiza kuti yangogwira ndi mazinga awiri kapena atatu basi.

Tsono apa ndi pamene ndikuchita napo manyazi kwambiri. Ndinakakamiza chokungiracho mpaka kadontho kofiira kanayang'ananso kumwamba, n'kubwezera mphira pamalo pake. Kenako ndinakaphika.

Lamlungu lake alamu anu anaima pakhonde ndi kachingwe kawo kamwala koyezera kuwongoka kwa mlongoti, diso limodzi atatsinzina monga amachitira sabata iliyonse. Anaima nthawi yaitali. "Wa-wapendekera," anatero. Anakoka mawaya onse atatu, onse anali olimba, chifukwa mlongotiwo unali utathawa waya wa kumpanda n'kumukokanso. Anayang'ana timadontho tawo, tonse tili m'malo. Ndiye anakuitanani.

Zotsalazo mukuzidziwa, koma simudziwa mmene ndinazionera ine. Ndinali nditaima pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi. Nonse awiri munagwada pa chokungira chomwecho, inu mpaka munachigwira ndi dzanja. Ndinati lero ndagwidwa. Koma munangoti, "Pansi pali bwino apa," n'kudzuka. Alamu anu anakweza maso. "Ndi-ndiye ndi pamfundo yachitatu. Mu-munawotcherera mothamanga, alamu." Inu nkhope inasintha. "Zaka khumi ndi zisanu ndikuwotcherera, geti langa silinagwepo ngakhale limodzi. Lero ndiphunzitsidwe ndi munthu wocheza ndi mitambo? Muwaitane anzanu a mumlengalengawo adzakuwotcherereni." Munanyamuka, tiyi simunamwe. Ine ndikanangotsegula pakamwa, mawu atatu okha, zonse zikanathera pomwepo. Ndinabwerera ndi thireyi yanga m'khitchini.

Achimwene, mawu aja ocheza ndi mitambo anawalasa. Inu mumawaona ngati munthu wosalankhula, ndipo anthu a mumsewu muno amawatcha a Mlongoti, ena amawayeserera chibwibwi chawo akadutsa. Koma mudzawaone m'kachipinda kawo, zomvera zili m'makutu, chala chili pa kachitsulo kogogodera mauthenga a pawailesi. Pamenepo chibwibwi palibe. Timadontho ndi timizere timangoyenda ngati madzi, akuseka okha, akucheza ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sadzamuona n'komwe. Tsiku lina anatuluka akuthamanga kudzandiuza kuti nkhalamba ina ya kudziko kozizira yapereka moni kwa mwana. Ngakhale dzina loti Kadontho linachokera momwemo, poti anabadwa wamng'ono ngati kugogoda kumodzi. Mlongoti umene uja ndi pakamwa pawo. Ine ndinawapinda pakamwa chifukwa cha mabulangete, n'kusiya mlanduwo ugwere inu.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa. Akuti Loweruka lino akwera kukaona mfundo yachitatuyo okha. Akonza kale zida pathebulo. Ndinawauza kuti, "Bwanji mudikire achimwene?" Anangoti, "Si-sindipempha kawiri." Munthu wamkulu ngati uja akakafika pamwamba n'kuyamba kugwedezeka, mazinga awiri adzamugwira? Ndipo mlongotiwo wapendekera kunyumba, molunjika chipinda cha mwana. Kabedi kake ndinakasamutsira pabalaza, ndinanama kuti kuchipinda kukutentha. Mphepo ikangoyamba masana ndimamubereka n'kupita kukaima kumsewu ngati ndikudikira munthu. Mayi oyandikana nafe anandifunsa, "Kodi anzathu, mwayamba ntchito ya ulonda?" Ndinaseka nawo.

Mudzati, bwanji osangowauza amuna ako? Ndayesa. Dzulo ndinayang'ana pa chipepala chawo cha zilembo za timadontho ndi timizere chili pakhoma chija, ndinati poti pakamwa pakundikanika, ndinene m'chilankhulo chawo. Ndinatenga supuni n'kumagogoda pathebulo mawu oti pepani. Ndinkangoyeserera, sindinadziwe kuti akumva. Anasuzumira pakhomo, nkhope yonse ili mwee. "Chi-chilembo chachiwiri ndi kadontho kamodzi kokha, osati tiwiri," anatero. "Bwereza." Ndinabwereza. Anaomba m'manja. Zaka zinayi akundipempha kuti ndiphunzire, ine ndikukana. Kenako anafunsa, "Ko-koma pepani wa chiyani?" Achimwene, ndinawauza kuti ndawotcha malaya awo ndi simbi. Ndipo kuti bodzalo liime, ndinakawotchadi malayawo, abuluu aja amawakonda.

Chifukwa china ndi mantha chabe, sindibisa. Munthu uja sakalipa, samenya, koma akakhumudwa amangotseka pakamwa, ndipo nyumba imazizira sabata zingapo. Koma chifukwa chachikulu ndi ichi: ndikawauza ndili ndekha, sadikira. Athamangira pa chokungiracho ndi sipanala nthawi yomweyo. Inu munanena tsiku loimika mlongoti lija, ine ndikumva, kuti waya wokungika sagwiridwa munthu ali yekha, pamafunika kumanga kaye chingwe china chogwirizira, wina atagwira, wina akumasula, apo ayi waya amakwapula ngati chikoti ndipo chitsulo chonse chimabwera pansi. Mawu amenewo sanandichoke. Ndi chifukwa chake sindinakagwirekonso, ngakhale manja akundiyabwa tsiku lililonse. Kafulumira wanu waphunzira mochedwa.

Tsopano masulani phukusilo. Ndi lamba wawo wokwerera.

Tsiku limene mwana anabadwa, anandigwira dzanja kuchipatala n'kulumbira kuti sadzakweranso popanda lamba ameneyu, ngakhale pa makwerero a denga. Zinawatengera nthawi yaitali kuti amalize kunena, anamwino mpaka anaima kudikira. Munthu amene mawu amatuluka movutika chonchi, amene watulutsa sawabweza. Ndikudalira pamenepo basi. Amamutsitsa pa msomali Lachisanu madzulo akaweruka, kuti aone ulusi wake ngati uli bwino. Akadzapeza msomali uli wokha adzandifunsa, ndipo malaya ena oti ndiwotche ndilibe.

Ndiye chonde mufike Lachisanu alamu anu asanaweruke. Basi ya m'mawa imafika kuno cha m'ma thuu koloko. Mubwere ndi lambayo, chingwe chanu chachikulu chija, ndi chokungira china chatsopano chofanana ndi chakale. Simukuyenera kuwapepesa, ndiponso musanene kanthu. Mudzangoima pafupi ndi waya wa kumpanda, dzanja lanu lili pa phewa lawo kuti asathamange. Ndidzanena ndekha, ndi pakamwa, nditaima pakhomo la khitchini pomwe paja. Mphira ndidzaukankha ndi dzanja langa kuti nonse muone. Ngati mukufuna kundiyanika pa waya monga munalonjezera, mudzandiyanike mukamaliza kukonza, sindidzalira.

Mwina mukuti munthu anakunyozani ntchito yanu, mubwereranji pakhomo pake. Sindingakukakamizeni. Koma dziwani kuti geti lathu, limene munatiwotcherera pa ukwati, alamu anu analipaka mafuta Lamlungu lapitali, ndipo anakhala akulitsegula ndi kulitseka, kulitsegula ndi kulitseka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Pepani zolemba zakhota, mwana ali kumsana ndipo kunja masamba ayamba kugwedezeka, ndiyenera kutuluka. Kadontho akuti moni kwa Lume. Lachisanu ndidzamuveka diresi yake yachikasu, tidzakhala tili kumsewu, ndipo ulendo uno tidzakhala tikudikiradi munthu.

Ndine mlongo wanu,
Kafulumira