Mfuti ya Malemu Bambo

Chiputula, Mzuzu

Okondedwa Bambo aang'ono,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Koma tandiuzani, anakhazikitsa ndani mwambo woti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka inu mudzabwere kudzagawa? Aliyense kuno akungovomera, koma ine ndakana.

Mipando ikhoza kudikira, koma mfuti ya bambo ayi. Chiphaso chake chili m'dzina lawo, ndipo wapolisi wina anandiuza mosabisa kuti poti eni ake anamwalira, ikapezeka m'nyumba muno omangidwa ndi amayi. Nditawafotokozera, amayi anangoti, "Iwe Lenia, sukulu yakuzunguza mutu eti? Dikira abambo ako aang'ono." Kudikira mpaka liti? Khirisimasi yadutsa kawiri mukungolonjeza!

Enafe tili bwino, yewo chomene chifukwa cha mankhwala munatumiza aja. Achimwene a Ronald ndiwo sakuyankhula ndi munthu chiwachotsereni ntchito. Lamulungu ndinawapeza kuchipinda kwa bambo, mfutiyo ili pamiyendo, akungoiyang'ana. Zinazo sindingalembe.

Mukafuna kukalipa mundikalipire ine, amayi sakudziwabe. Dzulo m'mawa ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera njinga yamoto n'kukaipereka kupolisi.

Ine mwana wanu,
Lenia