Ululu Umene Singano Sizinaufike

Cuamba, 18 Agosto

Amayi anga okondedwa,

Moni amayi, moni nonse a pakhomo. Kodi mukudzuka bwanji ku Ngauma? Bondo lija likukulolani kutsikira kudimba? Nanga chifuwa chimene chinakugwirani nthawi yozizira chinakusiyani? Ife kuno ana ali bwino, inenso ndiliko, koma mkamwini wanu a Rafael, bambo a Chimwemwe, sali bwino. Ndinayesa kuimba pa telefoni ya achimwene a Manueli, koma mawu ankadukaduka. Kalatayi ndapatsira bambo Selemane oyendetsa chapa, minibasi ija ya ku Mandimba. Achimwene, powawerengera amayi muwerenge mofatsa, musadumphe kalikonse.

Mukukumbukira pa maliro a malume chaka chatha, a Rafael ankatembenuka thupi lonse munthu akawaitana, ndipo inu munawaseka kuti tauni yawaumitsa khosi. Unali ululu wa phewa. Ntchito yomanga nyumba ndi yotero: kusenza mabuloko, kukweza ndowa za simenti, kupaka khoma dzanja lili m'mwamba tsiku lonse. Mapiritsi ankangomwa osaona kusintha. Itatha Pasaka dzanja lamanja linakaniratu kukwera, malaya ndinkachita kuwaveka ine.

Kuchipatala anatitumiza ku chipinda chimene amati fizioterapiya, kumene amawongola matupi a anthu othyoka ndi opuwala. Kumeneko tinapeza mayi Zaituni, a ku Mandimba, aafupi, a manja olimba. Atamva kuti ndife a ku Ngauma anasiya Chipwitikizi n'kuyamba kutilankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao, mtima wanga unakhala pansi.

Anawagoneka chafufumimba n'kumafufuza ndi chala chachikulu m'minofu ya phewa. Anapeza timfundo tolimba ngati njere za chimanga, ndipo akakanikiza pamenepo ululu unkathamangira mpaka kukhutu ndi kuchigongono. Anatifotokozera kuti mnofu ukatopa kwambiri umadzimanga mfundo n'kukana kumasuka, ndipo iwo amaumasula ndi singano. Ine ndinkayesa akunena jekeseni, koma ayi. Singano zake n'zoonda ngati tsitsi la kumchira kwa ng'ombe, zilibe mankhwala m'kati, n'chifukwa chake amati kubaya kouma. Iliyonse amaitulutsa m'pepala lake lomata iwe ukuona, ikatha ntchito amaitaya.

Singano ikafika pa mfundo, mnofu umadumpha wokha monga imachitira nyama ya mbuzi yongosendedwa kumene. A Rafael, munthu woopa jekeseni chibadwire, anagwira mwendo wa bedi ndi manja onse, kenako anayamba kuseka misozi ili mbwee. Tsiku lotsatira phewa linkawawa ngati awamenya, tinkalithowa ndi nsalu yofunda monga anatilangizira. Anawapatsanso ntchito yoyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba m'mawa uliwonse, ndipo ana ankaima pambali pawo kumatsanzira.

Titapitako maulendo angapo khosi linamasuka, dzanja linakwera. Lamlungu lina ananyamula mwana wathu Margarita paphewa kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi. Anabwerera kuntchito. Masabata amenewo tinakondwa, amayi, ndipo ndinkafuna kukulemberani kuti nanunso mubwere adzaone bondo lanu.

Koma panali ululu wina wa kumunsi kwa msana umene iwo ankauchepetsa. Umenewu sunkamva kupuma, akagona m'pamene unkakula. Chakudya anayamba kuchisiya m'mbale. Tsiku lina ndinawapeza akuboola lamba ndi msomali chifukwa buluku linkagwa. Iwo ankangoti ndi mfundo zina, mayi Zaituni akazimasula.

Titapita, anawapempha kuti abaye pamsanapo. Mayi Zaituni anafufuza nthawi yaitali. Anagogoda pafupa pang'ono chabe, a Rafael anabuula. Anawafunsa za kuonda, za dzanzi m'miyendo, za mmene akukodzera. Kenako anabweza singano m'kabati. Ananena kuti singano zawo zimafika mu mnofu basi, pamene ululu uwu ukuchokera m'kati mwa fupa, ndipo kubaya pamenepo kukhala kutinamiza. Anati tipite kwa dotolo akajambule msana.

A Rafael anachonderera, atalephera anapsa mtima. Anawauza kuti nawonso ali ngati ena onse, okankhira munthu khomo lina akatopa naye, ndipo anatuluka nsapato zili m'manja. Ine ndinachita manyazi kwambiri. Mayi Zaituni ananditsatira pakhonde, anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisawasunge kunyumba, ndiwanyengerere mpaka apite. Ndinanyengerera, anakana. Anapitiriza kugwira ntchito mpaka tsiku limene mwendo unawafooka akutsika pamakwerero, anzawo n'kuwabweretsa pa njinga yamoto.

Kuchipatala anawajambula, anawatenga magazi. Dotolo anatiitana tonse awiri n'kutiuza kuti mafupa a msana adyeka, ndipo akuona ngati ndi chotupa choipa chija ena amati khansa, chimene chinayambira kwina m'thupi n'kufalikira. Anati zenizeni zikadziwika ku chipatala chachikulu ku Nampula. Ndinafunsa ngati achire. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti kumeneko akayesetsa kuchepetsa ululu ndi kuchedwetsa matendawo. Ine sindine mwana, amayi. Ndinamva zimene sananene.

Tsono anthu ayamba kale kulankhula. Ena a m'bairo, m'dera lathu lino, akuti singano zija ndi zimene zawalowetsa matenda, ndipo ndikudziwa kuti nkhani yotere sichedwa kukwera chapa n'kufika kumudzi. Mukaimva musaikhulupirire. Ndinafunsa dotolo ndi pakamwa panga, anati matendawa analipo kale singano zisanawakhudze. Phewa linali ndi vuto lake ndipo linapola. Za msanazi woyamba kuziona anali mayi Zaituni omwewo, pamene ine wogona nawo nyumba imodzi ndinkangoti ndi kutopa.

Sabata yatha a Rafael anandiuza kuti ndiwaperekeze akapepese. Anayenda ndi ndodo, kupuma pamthunzi uliwonse. Mayi Zaituni sanawalole n'kumaliza komwe, anangowauza kuti avule malaya. Mapewa aumanso chifukwa chotsamira ndodo ndi kugonera mbali imodzi, ndiye anawabaya pamenepo, msana osaukhudza. Pobwerera a Rafael anandiuza kuti akudziwa kuti singanozo sizichiza chimene chikuwadya, komabe ndi pa bedi lokhalo pamene munthu amawagwira ululu n'kuchepa. Ndinayang'ana kumbali kuti asandione nkhope.

Za ku Nampula tinakangana. Iwo ankafuna kubwera kumudzi, ankati munthu asakafere pakati pa anthu osadziwa dzina la amake. Ine ndinati tiyese kaye, ana asadzatifunse kuti bwanji sitinayese. Madzulo ake anavomera. Tikwera sitima sabata ya mawa. Ana atsala ndi mayi Aisha oyandikana nafe, amene akhala akutitungira madzi chiyambire mavutowa, poti mipope ya kuno yauma ndipo fumbi la mwezi uno latikwana. Nyumba imene a Rafael ankamanga ija eni ake aipereka kwa mmisiri wina.

Chimwemwe akudziwa kuti bambo ake akudwala kwambiri, sakufunsa zambiri, wangosiya kupita kumpira. Margarita sakudziwa kanthu. Amatola timaudzu touma n'kumawabaya nato pamsana, amati iye ndi mayi Zaituni. Iwo amadzuka movutika, amatambasula manja n'kumuuza kuti achira, mwana n'kumavina.

Pempho langa ndi limodzi, amayi. Mupite kutsidya kwa asewere anu, amayi a Rafael, mukawauze ndi pakamwa panu. Ndikudziwa kuti bondo likuvutani, achimwene akukwezeni pa njinga mpaka pamtsinje. Mupite m'mawa, mukhale nawo pamphasa, musafulumire kubwerako. Mwa ana awo aamuna watsala ndi yekhayu, ndipo sindikufuna kuti akamve kuchigayo kapena kwa ogula fodya. Ine pa telefoni sindingathe, mwini wakenso akuti akangomva mawu awo alephera kulankhula. Asewere anuwo adzanena kuti tibwere naye kumudzi adzamuteme mphini. Musakatsutsane nawo. Mukangowauza kuti tikachoka ku Nampula, kaya madotolo anena zotani, ndidzabwera naye kwawo adzamuone ndi maso awo. Limeneli ndi lonjezo langa.

Mundiperekere moni kwa bambo aang'ono ndi mayi aang'ono, kwa azakhali a ku Entre Lagos mukawaona, kwa alamu anga akazi a achimwene ndi ana onse. Mng'ono wanga Temwani mumuuze kuti asalire pamaso pa anthu asewere anu asanamve. Amvano anzanu muwapemphe atikumbukire m'mapemphero Lachinayi. Adzukulu anu akuti moni agogo.

Mkamwini wanu akupereka moni wambiri. Akuti ndiuze achimwene a Manueli kuti munda wa kumtunda uja asaubwereketse kwa munthu chaka chino, ndipo asunge mbewu ya chimanga, chifukwa mvula yoyamba ikagwa adzabzala okha. Ndalemba monga anenera, poti akhala pambali panga pano kuyang'ana dzanja langa.

Tsalani bwino amayi, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Tionge